Siteshoni ya ozimitsa moto yopanda munthu: yankho kwa mayi olemba kuchokera ku Germany

Mayi ena omwe akugwira ntchito yosamalira nkhalamba pa kamudzi kena ku Germany anditumizira imelo. Akuti pamudzipo pali kanyumba ka ozimitsa moto, galimoto yofiira ili mkati, koma tsiku lililonse akadutsa sapezapo munthu olo mmodzi. Ndiye tsiku lina sayirini italira anangoona wophika buledi, mlimi ndi mnyamata wa pagalaja akuthamangira komweko. Funso lawo ndi loti kodi anthu amenewa ndi ndani, zinayamba bwanji, nanga mlendo angalowe nawo?

Mayi, amene munawaonawo ndi eni ake siteshoniyo. Palibenso ena obisika. Kumeneko amati Freiwillige Feuerwehr, ozimitsa moto ongodzipereka, ndipo dziko lonse la Germany lili ndi magulu otere oposa 20,000, anthu ake pafupifupi 1 miliyoni. Magulu a ozimitsa moto olembedwa ntchito ndi ongopitirira 100 basi, ndipo ali m'mizinda ikuluikulu ngati Berlin ndi Hamburg.

Kanyumbako poyambirira sikanali siteshoni ayi, kanali kashedi kosungiramo pampu. Kalekale moto ukabuka belu la tchalitchi limalira, aliyense nkutuluka ndi ndowa yachikopa, anthu nkundanda mzere kuchokera pachitsime kapena padziwe mpaka pamoto kumapatsirana ndowa, madzi ambiri nkumatayikira m'njira. Lamulo limakakamiza mwamuna aliyense kuthandiza, koma mukudziwa mmene ntchito yokakamiza imakhalira, wina abwera mochedwa, wina angoima nkumaonerera, wolamula palibe aliyense akukuwa zake. Mapampu opopa ndi manja atabwera zinayamba kusinthako, makamaka Jan van der Heyden wa ku Amsterdam atakonza payipi yachikopa cha m'ma 1672 yoti madzi azifika pamoto penipeni. Mudzi ukagula pampu yotere umafunika poisunga, ndiye kashedi kaja. M'midzi ina kashedi komweko ankatsekeramonso zidakwa ndi akuba usiku umodzi podikira apolisi, poti kanali ndi loko wolimba kuposa nyumba zina zonse.

Koma pampu payokha siizimitsa moto, ndipo apa ndi pomwe ine ndimaona kuti nkhani yonse yagona. Mu May 1842 mzinda wa Hamburg unapsa masiku angapo, anthu pafupifupi 20,000 anasowa pokhala, chonsecho mapampu analipo. Chomwe chinkasowa ndi anthu ophunzitsidwa kugwirira limodzi. Ku Meissen anali atayambitsa kale gulu lodzipereka mu 1841, koma lomwe linatchuka ndi la ku Durlach, lomwe Christian Hengst anakhazikitsa mu 1846. Tauniyo inagula pampu kwa Carl Metz, wopanga mapampu wa ku Heidelberg, Hengst nkumachititsa anthu ake mapulakatisi ngati asilikali, aliyense adziwe malo ake, uyu wokwera makwerero, awa opopa, uyu wogwira payipi. Ambiri mwa okwera m'mwamba m'magulu oyambirirawa ankachokera ku makalabu a masewera olimbitsa thupi, poti kukwera ndi kulendewera anali atazolowera kale.

Ndiye pa 28 February 1847 nyumba ya zisudzo ku Karlsruhe, mzinda woyandikana ndi Durlach, inayaka, anthu oposa 60 anafa. Anyamata a ku Durlach anathamangira komweko ndi pampu yawo ndipo anathandiza kuti moto usalumphire nyumba zoyandikana. Manyuzipepala analemba, matauni ena nkuyamba kutengera, kenako pang'onopang'ono midzi nayo. Mukapita pafupi ndi kanyumba ka pamudzi panupo yang'anani pakhoma kapena pa mbendera yawo, nthawi zambiri amalembapo chaka chomwe gulu linayamba, ndipo musadabwe mukapeza cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Mukaonanso kansanja kataliko kogundana ndi siteshoni, ambiri amaganiza kuti nkoonerapo moto patali. Ntchito yake yaikulu inali kuyanikamo mapayipi, chifukwa akale aja anali a nsalu ndipo ukawapinda ali onyowa amachita nkhungu nkuola. Pampu ankaikoka ndi manja kapena ndi mahatchi obwereka kwa mlimi, kenako kunabwera za injini zokokedwa ndi thirakitala, galimoto yofiirayi yabwera mochedwa ndithu m'midzi yambiri.

Si Germany yokha. Benjamin Franklin anayambitsa gulu lotere ku Philadelphia, ku America, mu 1736, ndipo ku Chile mpaka lero ozimitsa moto ndi ongodzipereka, kuyambira gulu la ku Valparaíso la 1851.

Mwina mukufunsa kuti dziko lolemera chonchi lilephera bwanji kungolemba anthu ntchito. Taganizani, kamudzi ka anthu 600 moto waukulu utha kubuka mwa apo ndi apo, ndiye mulipire anthu ongokhala usana ndi usiku chaka chonse? Komanso galimoto yochokera kutauni ikamafika denga lagwa kale. Woyandikana naye nyumba ndi amene angafike msanga. Khonsolo imagula galimoto ndi zovala, munthu akaimba 112, nambala yoimba pakagwa ngozi, uthenga umapita pa tizipangizo tomwe mavolontiya amayenda nato kapena pafoni, ndipo bwana kuntchito amayenera kumasula volontiyayo, malipiro a maola amenewo khonsolo nkubweza. Masiku ano amaitanidwanso kwambiri pa ngozi za pamsewu, mitengo yogwa ndi madzi osefukira.

Vuto lomwe lilipo pano ndi masana. Anthu ambiri amagona pamudzi koma ntchito amagwira kutauni, ndiye sayirini ikalira 10 koloko m'mawa obwera amachepa. Odzipereka akasoweratu lamulo limalola khonsolo kukakamiza anthu kulowa, ngati kale kuja.

Ndiye za kulowa nawo, pitani mukafunse, magulu ambiri akusakasaka anthu ndipo amayi aliponso. Chachikulu ndi thanzi komanso Chijeremani choti muzimva malamulo mwachangu pamene zinthu zavuta. Maphunziro oyamba amatenga maola pafupifupi 70, kawirikawiri madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Funsani wophika buledi uja tsiku lomwe amachita pulakatisi, mukafike chitseko chili chotsegula.