Khungu la pamimba latsala lolendewera, kodi mashini a ku saluni angalikunge?

Imelo iyi yandipeza Lachiwiri usiku, yachokera kwa mayi wina wakumudzi konkuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg, dzina sinditchula. Mwachidule akuti: "Ndili ndi zaka 36, ana atatu, womaliza wakwanitsa zaka ziwiri. Ndachepetsa thupi ndi makilo 15 koma khungu la pamimba latsala lolendewera ngati thumba, pansi pa chibwano napo payamba kukhwepa. Ku saluni ina akuti ali ndi mashini a HIFU okunga khungu popanda opaleshoni. Ndilipire kapena ndingotaya ndalama? Mpeni ndimauopa."

Achemwali zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Pachibwanopo mwina mashini angakuthandizeni, koma pamimbapo ndikukayika kwambiri, ndipo musanatulutse olo randi imodzi ndikufuna muyambe mwadziyeza nokha kunyumba.

Gonani chagada, pindani mawondo, ndiye dzutsani mutu pang'ono ngati mukufuna kuona zala zakuphazi, kenako pisani zala zanu pamwamba pa mchombo. Ngati mukumva mpata woti zala ziwiri kapena kuposa zikulowa pakati pa minofu, ndiye kuti vuto lina si khungu ayi, ndi minofu ya pamimba imene inatalikirana nthawi ya pakati, madokotala amati diastasis recti. Amayi ambiri a ana atatu ali nazo osadziwa. Izi mashini otenthetsa khungu sazikhudza n'komwe, wofunika ndi wa mafizo akuphunzitseni masewera oyenera.

Tsopano za khungulo. Mkati mwake muli tiulusi tiwiri, collagen amene amalilimbitsa ndi elastin amene amalibweza likatamuka. Collagen amayamba kuchepa tikangolowa zaka za m'ma 20, pafupifupi 1 peresenti chaka chilichonse. Ganizirani mphira womangira katundu pa njinga uja, ukamangira thumba la makala kamodzi umabwerera bwinobwino, koma mangirani matumba atatu kwa miyezi naini naini padzuwa muone ngati ungabwererenso mwakale. Zimene mashini onsewa amachita, kaya dzina lake ndi lokoma bwanji, ndi kutenthetsa mkati mwa khungu. Kutenthako kumafinya collagen pang'ono monga nyama imafinyikira pamoto, kenako thupi limaona ngati lavulala ndiye limayamba kupanga collagen watsopano. N'chifukwa chake zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina mpaka isanu ndi umodzi. Zija amakuonetsani pagalasi tsiku lomwelo kuti "taonani kusintha" nthawi zambiri ndi kutupa chabe.

HIFU mwaitchulayo imagwiritsa ntchito mafunde ngati a sikani ya amayi oyembekezera koma owunjikidwa pamalo amodzi. Mashini odziwika kwambiri a mtunduwu ndi Ultherapy, amene bungwe la FDA loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America linawavomereza mu 2009 kuti azikweza nsidze, mu 2012 khosi ndi pansi pa chibwano, mu 2014 mizere ya pachifuwa. Amafika mamilimita 1.5, 3 ndi 4.5 pansi pa khungu n'kutenthetsa timadontho mpaka madigiri 60 kapena 70, ndipo ali ndi sikirini yoti wogwira aziona pamene akuwombera.  Koma kukwera kwa nsidze kumene anakuyeza kunali kwa mamilimita pafupifupi 2 basi. Pankhope mamilimita awiri amaoneka ndithu, munthu amaoneka ngati wagona tulo tabwino, koma khungu loti mukuligwira ndi dzanja lonse mamilimita awiri alichita chani?

Palinso Thermage, ya mafunde a magetsi, inavomerezedwa kale mu 2002, iyi amaigwiritsako ntchito pamimba ndipo kwa munthu amene khungu langokhwinyata pang'ono mozungulira mchombo imasalaza ndithu. Zonse ziwirizi zimapweteka, asakunamizeni, ndipo sizamuyaya, pakatha chaka kapena ziwiri mubwereranso ndi chikwama.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsere, nkhani ya khungu lathu lakudali. Zithunzi zambiri zimene amatsatsira pa Instagram ndi za azungu, ndipo si mashini onse amene amatikomera ife. Ma laser ambiri amagwira ntchito ndi kuwala, ndiye mtundu wakuda wa khungu lathu umamwa kuwalako kwambiri n'kupsa, chotsatira chake ndi zigamba zakuda zimene zimatha miyezi yambiri osachoka, pena zigamba zotuwa. Laser ya CO2 ija yosenda khungu ndiye yofunika kusamala nayo zedi. Ubwino wa HIFU ndi mafunde a magetsi ndi woti sasankha mtundu, amadutsa pamwamba n'kukatenthetsa mkati. Komabe ife timatuluka zipsera zotupa zija za keloid mosavuta, ngati munaboola khutu n'kutuluka chotupa, kapena chipsera cha siza chinakula modzitukumula, uzani dokotala asanakubayeni chilichonse. Ndikunena izi chifukwa kwatchuka Morpheus8, ya tisingano tambirimbiri tolowetsa kutentha mkati, ndipo mu Okutobala 2025 a FDA omwewo anachenjeza kuti mashini a mtundu wa tisinganowu apsereza anthu, kuwasiyira zipsera, kusungunula mafuta a pansi pa khungu ndi kuwononga mitsempha. Chida chake si choipa, koma si chogwira aliyense amene waphunzira Loweruka limodzi.

Ndiye ku saluni yanuyo funsani dzina lenileni la mashini, chifukwa mawu oti HIFU amalembedwa pa timashini tambiri totchipa togula pa intaneti topanda sikirini yoonera mkati. Funsani amene akugwireni ngati analembetsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, poti muli ku Joni, kwathu kuno ndi ku Medical Council of Malawi. Pemphani zithunzi za makasitomala akuda ngati inu, zojambulidwa patatha miyezi itatu. Akayamba kuzungulirazungulira nyamukani. Ndipo ngati muli oyembekezera musayerekeze, amene ali ndi kabatire kothandiza mtima nawonso mafunde a magetsi ndi oletsedwa.

Za ulusi wa PDO wokokera nkhope sinditaya nthawi, umasungunuka pakatha miyezi ngati isanu ndi umodzi ndipo si wa pamimba. Makirimu olembedwa kuti amakunga khungu amangolifewetsa. Retinol ndi tretinoin amathandizadi makwinya ang'onoang'ono a pankhope mukadzola miyezi yambiri, koma osati muli ndi pakati. Koma chimene chimandiwawa ine ndi mafuta oyeretsa khungu aja, ambiri muli mankhwala ngati clobetasol kapena betamethasone amene amapyapyalitsa khungu n'kuling'amba mizere, munthu kumalipira kuti khungu likungike kwinaku usiku uliwonse akulidzoza chinthu cholikhwepetsa, eti. Chitenje chimene amayi athu ankatimanga pamimba tikachira chimathandiza kumva kuti mimba yagwirika, chimodzimodzi malamba ogulitsa masiku anowa, koma mukamasula khungu lili pomwepo.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi wa mafizo, n'kusunga sikelo pamalo amodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi osakwera osatsika, kudya nyemba, mazira ndi usipa mokwanira, kenako ndalama ya HIFU ndikanaiika pachibwano kwa dokotala weniweni. Pamimbapo ngati khungu likupindika n'kugwera pa kabudula wamkati, chimene chimalichotsa ndi opaleshoni ija amati tummy tuck, ndikudziwa mpeni mumauopa koma kukaonana ndi dokotala wa opaleshoni si kugona pa tebulo, mukangomva maganizo ake basi. Funso loyamba limene akakufunseni ndi loti kodi ana atatuwo akwana, ndiye kambiranani kaye ndi alamu musanapite.