Wopatuka ndi inu, achimwene, osati helikopita

Achimwene a ku Senga Bay, mwati Loweruka mukujambula ukwati kugombe, helikopita inangotulukira m'munsi kwenikweni n'kudutsa pafupi ndi drone yanu. Ndiye mukufunsa kuti wolakwa ndani, poti inu simunapitirire mamita 120. Ndaona ena m'makomenti akuti pailoti ndiye analakwa. Pepani, si choncho. Wopatuka ndi inu nthawi zonse, ngakhale mutakhala pa mamita 30. M'helikopita muja muli anthu, m'drone yanu muli batire. Komanso pailotiyo sakukuonani. Kanthu kotuwa, kosaposa mbale ya ndiwo, pamwamba pa madzi onyezimira, amakaona katafika kale pagalasi.

Mamita 120 amene mukudalirawo ndi malire omwe maiko ambiri anaikira ma drone, ndipo ma drone a kampani ya DJI amabwera atawatchera kale pamenepo. Lamulo la ndege lomwe maiko amatsatira limati kunja kwa matauni ndege isauluke pansi pa mamita 150. Mpata wake ndi mamita 30 basi. Ndipo lamulolo siligwira ndege ikamatera kapena kunyamuka, kapenanso zimene ntchito yake ndi ya m'munsi: za asilikali, zopopera m'minda, zopulumutsa anthu pa madzi osefukira, zowerenga nyama. Tayang'anani dera lathu lino. Salima ili ndi bwalo la ndege, Dwangwa nayonso. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili konkuno, asilikali a parachute ali ku Senga Bay komweko. Ku nkhalango ya Nkhotakota, imene a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, anabweretsako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, ndipo nyama zotere saziwerengera kumitambo.

Chimene anzathu ambiri sachiganizira ndi nthawi. Ndege yaing'ono yothamanga makilomita 180 pa ola imadya mamita 50 pa sekondi iliyonse. Mukaiona ili pa kilomita imodzi, mwatsala ndi masekondi 20. Ma drone athuwa amatsika mamita 3 mpaka 6 pa sekondi, ndiye kuchoka pa 120 kufika pansi ndi masekondi 20 mpaka 40. Mwaona kuti masamu ake sakutuluka? N'chifukwa chake ine kugombe sindikonda kukwera kupitirira 50 kapena 60. Ukwati sufuna kumwamba konseko, chithunzi chabwino cha akwati ndi bwato kumbuyo chimatuluka m'munsi momwemu.

Mukangomva kulira kwa injini, musadikire kuti muione. Tsitsani drone nthawi yomweyo mpaka ifike pa msinkhu wa mitengo kapena denga la loji, muisiye iime pamenepo. Musayese kuikweza kuti ndege idutse pansi pake. Ndipo chonde musadine Return to Home. Batani limenelo limayamba lakweza drone kufika pa msinkhu womwe munatchera, kenako n'kumabwerera yokha mowongoka osayang'ana za ndege. Ngati munatchera pa 100, ndiye kuti mwaitumiza nokha m'njira ya helikopita. Pamwamba pa madzi ma sensor a kunsi kwa drone amasokonezeka, ndikudziwa, koma zikafika povuta bola igwere m'nyanja.

Khutu nalo limanamiza. Nthawi ya mwera, mphepo ndi mafunde zimameza phokoso, makamaka ndege ikamachokera kumpoto, kumene mphepo ikulowera. Onjezanipo DJ wa paukwati ndi masipika ake, simumva kanthu. Choncho mukhale ndi mnzanu amene ntchito yake ndi kuyang'ana kumwamba kokha, osati wosuzumira nanu pa sikirini n'kumati "jambulani apo". Mugwirizane mawu amodzi. Akangoti "tsitsa!", inu mutsitse, mafunso pambuyo.

Wina wati bola kukhala ndi Flightradar24, app yoonetsa pomwe ndege zili. Imathandiza, koma imadalira zida zapansi zolandira uthenga wa ndege, ndipo ndege zouluka m'munsi kapena za asilikali kawirikawiri sizionekapo. AirSense, yochenjeza za ndege m'ma drone ena a DJI, nayonso imangomva ndege zimene zikutumiza ADS-B, uthenga wonena pomwe ndegeyo ili. Sikirini ikakhala yoyera sizitanthauza kuti kumwamba kulibe kanthu. Chinanso, nambala ya msinkhu imene mumaona imawerengera kuchokera pomwe mwanyamukira. Mukanyamukira paphiri la Senga n'kulowera kunyanja, sikirini iziti 80 pomwe pamwamba pa madzi mwadutsa kale malire.

Amene mukuti "kanga n'kakang'ono, sikangawononge ndege", mu January 2025 ku Los Angeles ka DJI Mini kosakwana magalamu 250 kanaboola phiko la ndege yozimitsa moto, ndegeyo inakhala pansi masiku angapo moto ukuyaka. Mu September 2017 ku New York, drone ya Phantom 4 inagunda helikopita ya asilikali ya Black Hawk n'kuwononga chimodzi mwa zopukusa zake. Mwini wake anali ataiulutsa makilomita pafupifupi 4, kumene maso ake sankafika, akungodalira sikirini.

Poti inu mumajambula molipidwa, pitani ku bungwe loona za ndege, a Civil Aviation, mukalembetse drone ndi kufunsa za chilolezo. Pafupi ndi bwalo la ndege, kampu ya asilikali kapena m'nkhalango yotetezedwa musaulutse musanalankhule ndi eni malo. Zolemba zoterezi si zachilendo kuno. Dziko lathu linatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuyambira 2020.

Za Lowerukazo musangozisiya pagulu pano. Tsegulani flight log, mbiri ya maulendo a drone, mu app, mulembe nthawi, malo ndi msinkhu, mukawadziwitse a Civil Aviation. Mundiuzenso mtundu wa drone yanu, ndikulozereni pomwe mungatsitsire msinkhu wa Return to Home.