Mukufuna makina, kapena mukufuna zotsatira?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa koleji ina kuno ku Lilongwe wandilembera imelo. Akufuna kuyeza aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku, mu mtedza wa m'misika ya ku Mchinji ndi kuno. Makina a LC-MS amene akufuna, opezera ndi kuyeza kuchuluka kwa mankhwala monga poizoniyu mwatchutchutchu, kulibe kuntchito kwawo, ndipo mabungwe amene anawapempha ndalama zogulira makinawo anawakana. Akufunsa kuti, kodi ndalama zimenezi zimangopita kwa odziwana?

Mayi, kudziwana kulipo, sindikana. Koma chimene chinakugwetsani ndi pempho lanulo. LC-MS yatsopano imadutsa madola 100,000, pamene thandizo la OWSD (bungwe la amayi asayansi a m'maiko ongotukuka kumene) la amayi amene angoyamba kumene kutsogolera kafukufuku lakhala likufika madola 50,000 basi. Ngakhale akanakupatsani, makinawa amafuna mpweya wa nitrogen, chipinda chozizira, magetsi osazimazima ndi katswiri wowakonza, amene kawirikawiri amachokera kunja. Amene amawerenga mapempho amadziwa za makina amene ali m'malabu athu atafunditsidwa nsalu, fumbi lili mbuu, chifukwa kachipangizo kamodzi kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama ya makina amodzi ikanayezetsa mtedza wa maboma angapo.

Pemphani mwayi wogwiritsa ntchito makina a eni ake. Yambirani pafupi: ku Chitedze, pa msewu wa Mchinji, kuli akatswiri a mtedza, ndipo ku Bunda kuli malabu a LUANAR. Mtedza wonse muuyeze kaye kuno ndi ELISA, njira yoyezera m'labu imene ndi yotsika mtengo, kenako mupite ndi ochepa okha ku LC-MS kukatsimikiza. Pempho lotere limaonetsa kuti mwini wake amaidziwa ntchito.

Katoledwe ka mtedza ndiye osakalemba mwachisawawa. Poizoniyu sapezeka mofanana m'thumba lonse. Njere zochepa zowola zitha kusenza wochuluka. Mukangotapa ndi dzanja pamwamba pa thumba, zotsatira zanu sizinena chilichonse, ngakhale makina atakhala abwino chotani. Fotokozani kuti mudzatapa malo angati pa thumba, makilogalamu angati, ndi kuti mudzapera wonse musanatengepo woyeza.

Bajeti nayo ndinenepo. Pempho limene theka la ndalama likupita ku ma alawansi ndi misonkhano ya ku nyanja ndi lakufa kale, ndipo ine ndikugwirizana nawo amene amalikana. Ndalama zipite ku zinthu zoyezera: ma immunoaffinity column (timachubu tolekanitsira poizoniyu ndi zina za mu sampulo), imodzi pa sampulo iliyonse, ma standard (aflatoxin wa mlingo wodziwika woyerekezera), mankhwala osungunulira, zolipira labu, ulendo. Mitengo muilembe m'madola, ndi makoteshoni ochokera kwa ogulitsa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene analemba bajeti m'makwacha anatsala ndi ntchito ya theka. Funsaninso ku ofesi ya zachuma ya koleji yanu kuti amadulapo zingati zoyendetsera ntchito, chifukwa ena mwa opereka ndalama salola kudula kumeneku.

Zoti muchite mwezi uno

Lemberani mkulu wa labu imene muli nayo m'maganizo. Imelo ikhale yaifupi: masampulo angati, a chiyani, njira yoyezera iti, masiku angati pa makina, adzalipira zogwiritsa ntchito ndani. Chimene mukufuna kwa iye ndi kalata yosayinidwa yovomera kukulandirani. Popanda kalatayi, owerenga amaona ngati mukungolota.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, werengani za amene ali woyenera kupempha. Thandizo la OWSD lija limafuna PhD, chimodzimodzi la kafukufuku la TWAS, bungwe la sayansi la ku Trieste ku Italy. Ngati muli ndi masitazi, lowani m'pempho la mnzanu wa PhD, kapena yang'anani maphunziro a PhD a OWSD omwewo. Muzionanso zolengeza za NCST, komishoni ya boma yoona za sayansi kuno ku Lilongwe, ndi za RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a zaulimi wa ku Kampala.

Zilolezo zimadya nthawi kuposa kulemba. Ngati mudzafunsa alimi mafunso, pafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu; mukafika potenga magazi kapena mkodzo, ndiye ndi NHSRC, komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo ya ku Unduna wa Zaumoyo. Ngati labu ili kunja, mtedza wotuluka m'dziko umafuna chilolezo cha dziko lolandira, chiphaso cha phytosanitary (chotsimikiza kuti mulibe tizilombo ndi matenda a mbewu), ndi mgwirizano wa MTA wotumizirana masampulo pakati pa koleji yanu ndi labuyo. Ikani miyezi yake mu ndondomeko ya ntchito. Siginecha ya mkulu wa koleji muiyambe kufuna kutatsala milungu itatu, ndipo kwa amene anakukanani aja lemberani mupemphe ndemanga za owerenga, ngati amapereka.