Yankho: Chả cá ku Hanoi, likulu la Vietnam, mukayembekezere zotani?

Achimwene, mwafunsa ngati nsomba ya chả cá amabweretsa itapsa kale kapena mumaphika nokha. Ndi zonse ziwiri. Kukhitchini amaidula zidutswa, kuinyika mu tameriki ndi galangal (muzu wofanana ndi jinja), n'kuiwotcha pa makala. Ikafika patebulo amaiikanso mu kachiwaya kotentha ka mafuta, ndipo inu mumathiramo masamba onunkhira otchedwa dill ndi anyezi wamasamba. Thirani ambiri, musaumire, amafota msanga. Nsomba yake nthawi zambiri ndi cá lăng, ya mtundu wa mlamba, yopanda minga yambiri.

Mumadyera bún, timanudozi ta mpunga tozizira, n'kuwaza mtedza wokazinga pamwamba. Chovuta ndi mắm tôm, msuzi wa timashrimp (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu) tosasitsa. Fungo lake ndi lamphamvu zedi, koma mukafinyiramo ndimu ndi kuthira tsabola n'kutakasa mpaka uchite thovu, mumva kukoma kwake. Ukakukanikani, pemphani nước mắm, msuzi wa nsomba.

Malo otchuka ndi Chả Cá Lã Vọng mu Old Quarter (dera lakale la mzinda wa Hanoi), a banja la Đoàn, omwe anapatsa dzina msewu wonse wa Chả Cá. Mupite awiri kapena atatu, ndipo musavale malaya oyera, mafuta amathovoka.