Funsani Tiyankhe: Bitcoin, ndalama zinzake, ndi njira yozisandutsira makwacha

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo onse akufunsa za ndalama za pa intaneti zimene ambiri amangozitchula kuti crypto.

Funso: Ndine wophunzira pa Yunivesite ya Malawi ndipo ndimachita lendi ku Chikanda. Anzanga amanena kuti aliyense amene anagula Bitcoin kalekale ndi mpondamatiki lero, ndipo kuti ife tinachedwa. Kodi zinayamba bwanji, nanga n'zoona kuti oyambirira onse analemera?

Yankho: Zikomo achimwene. Nkhaniyi inayamba pa 31 Okutobala 2008, mabanki akuluakulu a ku America ali pa mavuto aakulu, pamene munthu wodzitcha Satoshi Nakamoto anafalitsa chikalata cha masamba 9 chofotokoza ndalama zimene anthu angatumizirane popanda kudutsa ku banki. Dongosololi linayamba kugwira ntchito pa 3 Januwale 2009. Ngati munaonapo banki m'khonde, mukudziwa kuti moyo wa gulu uli m'buku lolembamo masheya ndi ngongole. Bitcoin nayonso ndi buku lotero, kungoti makope ake ali pa makompyuta masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana, tsamba latsopano limawonjezedwa pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo palibe mlembi mmodzi amene angafufute zimene zalembedwa. Eni makompyuta otsimikizira masambawo amalipidwa ma Bitcoin atsopano, ntchito imene imatchedwa kukumba. Poyamba malipiro anali 50 pa tsamba, koma amadulidwa pakati pafupifupi zaka zinayi zilizonse, moti kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125, ndipo onse pamodzi sadzapitirira 21 miliyoni.

M'zaka zoyambirira anthu ankakumba ndi makompyuta a m'nyumba, ndipo ambiri ankachita zimenezi chifukwa chokonda luso kapena chifukwa chosakhulupirira mabanki, pakuti mtengo wake unali wosanunkha kanthu. Pa 22 Meyi 2010, Laszlo Hanyecz wa ku Florida analipira ma Bitcoin 10,000 kuti alandire pizza ziwiri. Kumapeto kwa 2013 Bitcoin imodzi inadutsa madola 1,000, ndipo mu Disembala 2024 inadutsa madola 100,000. Ziwerengero zimenezi ndi zimene anzanu akuzitchula, ndipo n'zoona.

Chimene sakukuuzani ndi mbali ina ya mbiri yomweyo. Mu Febuluwale 2014 msika wa Mt. Gox wa ku Tokyo, umene nthawi ina unali waukulu kuposa misika yonse ya Bitcoin, unatsekedwa utalengeza kuti ma Bitcoin pafupifupi 850,000 asowa, ndipo makasitomala ake anadikira mpaka 2024 kuti ayambe kubwezeredwa gawo lina. Ena anataya makiyi achinsinsi a zikwama zawo, kutanthauza mapulogalamu osungiramo Bitcoin, ndipo ndalama zawo zikuonekabe m'buku koma palibe angazitape. Enanso anagula mu Disembala 2017 mtengo ukuyandikira madola 20,000, n'kugulitsa patapita chaka utatsika kufika pafupifupi madola 3,200. Amene mumawamva ndi opambana okha, chifukwa otaya sakonda kulankhula. Ndikuchenjezeninso za mapulogalamu a pa foni amene amati mukukumba Bitcoin mukamadina batani tsiku ndi tsiku: lero kukumba kumafuna makina apadera odya magetsi ambiri, ndipo foni siingapikisane nawo.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Domasi. Pa gulu lathu la WhatsApp pabwera munthu wogulitsa ndalama yatsopano imene akuti ndi Bitcoin yachiwiri, idakali yotchipa, ndipo aliyense wobweretsa anzake amalandira bonasi. Ndikuganiza zotenga ngongole yodulidwa pa malipiro kuti ndilowe. Ndalama zinazi zikusiyana bwanji ndi Bitcoin?

Yankho: Aphunzitsi, ndikupemphani kuti ngongoleyo musatenge. Pulogalamu ya Bitcoin ndi yoti aliyense atha kuiona ndi kuikopera, n'chifukwa chake ndalama zina zinayamba kubadwa msanga. Mu 2011 kunabwera Namecoin, kenako Litecoin ya Charlie Lee, imene tsamba lake limatuluka mphindi ziwiri ndi theka zilizonse ndipo malire ake ndi 84 miliyoni. Mu Disembala 2013 Billy Markus ndi Jackson Palmer anapanga Dogecoin ngati nthabwala chabe, koma anthu anaigula mpaka inakhala ndi mtengo. Ethereum, imene inayamba mu 2015 motsogozedwa ndi Vitalik Buterin ndi anzake, inabweretsa chinthu chatsopano chenicheni, pakuti pa iyo munthu atha kuyendetsa mapangano odzigwira okha, koma inachititsanso kuti kupanga ndalama yatsopano kukhale ntchito ya kanthawi kochepa. Zapangidwa zambirimbiri, ndipo zochuluka zinafa popanda wozigula.

Kutchipa kwa ndalama sikutanthauza kuti idzakwera. Amene waipanga ndiye amasankha kuchuluka kwake, ndipo ngati wapanga mabiliyoni n'kudzisungira gawo lalikulu, akungodikira kuti inu mugule iye agulitse. Ngakhale zotchuka zimagwa: mu Meyi 2022 TerraUSD ndi Luna zinatha mtengo m'masiku ochepa, ndipo mabiliyoni ambiri a madola anapita. Koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi OneCoin, imene inkafalitsidwa m'misonkhano ndi mabonasi obweretsa anzako, pamene inalibe buku lenileni loti anthu akunja alione. Mtsogoleri wake, Ruja Ignatova, anasowa mu 2017 ndipo mu 2022 bungwe la FBI, lofufuza milandu ku America, linamuika pa mndandanda wa anthu 10 ofunidwa kwambiri. Kufupi ndi kuno, kampani ya Mirror Trading International ya ku South Africa inagwa mu 2020 italonjeza phindu lokhazikika kwa oika Bitcoin. Mufunseni wogulitsayo funso limodzi: ndalamayi ingagulitsidwe pati kunja kwa pulogalamu yawo, lero lomwe, kwa munthu amene sali m'gulu lawo? Ngati yankho ndi loti dikirani idzalowa pa msika posachedwa, ndiye kuti phindu la olowa kale likuchokera m'thumba la olowa kumene, ndipo anzanu amene mudzawabweretse adzakufunani inuyo zinthu zikadzavuta.

Funso: Ndimagulitsa zitenje mu msika wa Zomba. Mwana wanga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo akufuna azinditumizira USDT m'malo mwa njira zimene tinazolowera, akuti sizidula. Wandiikira chikwama pa foni ndipo ndikuona manambala, koma ma ejenti onse akukana. Ndingazisandutse bwanji makwacha?

Yankho: Mayi, funso lanu ndilo lofunika kuposa onse, chifukwa nambala ya pa foni siigula ufa kapena kulipira fizi mpaka patapezeka munthu wovomera kukupatsani makwacha. USDT ndi ndalama ya kampani ya Tether, ndipo inapangidwa kuti imodzi izifanana ndi dola imodzi ya ku America. Ndikumvetsa chimene chikukopa mwana wanu, pakuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo inu amene mumaoda katundu wochokera kunja munazimva kuwawa kwake. Komabe dziwani kuti mu 2019 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti ndalama zimenezi si ndalama zovomerezeka zogulira ndi kulipirira m'dziko muno. Ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba sakulakwa kukana, chifukwa iwo amagwira makwacha okha, ndipo mukapusitsidwa pa malonda a crypto mulibe chitetezo chimene kasitomala wa banki ali nacho. Malamulo a ndalama zakunja nawonso ndi okhwima, choncho ngati ndalamazo zidzakhala zambiri kapena za bizinesi, yambani mwafunsa ku banki yanu.

Njira imene anthu amagwiritsa ntchito ndi kugulitsa kwa munthu wina kudzera pa msika wa pa intaneti umene umaima pakati. Mumatsegula akaunti pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, mumasankha wogula ndi mtengo wake, ndipo msikawo umatsekera USDT yanu kuti inu musaichotse, iyenso asailandire. Wogulayo amatumiza makwacha ku nambala yanu ya foni kapena ku banki, ndipo inu mukatsimikiza kuti zafika mumadina batani lomasula. Pamenepa ndi pamene ambiri amalirira. Akuba amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wochokera ku kampani ya foni, kapena chithunzi cha lisiti chokonzedwa pa kompyuta, kenako amaimba mobwerezabwereza kukufulumizitsani. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi. Lowani nokha pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone ngati ndalama zawonjezekadi. Onaninso kuti dzina la wotumiza likufanana ndi la wogula amene mukuchita naye malonda, chifukwa pali ena amene amalipira ndi ndalama zobedwa kwa munthu wachitatu, ndipo apolisi akamalondola amafikira pa nambala yanu. Wogula akakuuzani kuti mumalizire nkhani pa WhatsApp kuti akupatseni mtengo wabwinoko, kanani, pakuti kunja kwa msika kulibe wotsekera chilichonse, ndipo crypto ikatumizidwa siibwezedwa ngati mmene nthawi zina zimathekera munthu akalakwitsa nambala pa foni.

Pali zina zimene mwana wanu ayenera kuzisamala. USDT imayenda pa misewu yosiyana, monga Tron ndi Ethereum, ndipo wotumiza akasankha msewu umene chikwama cholandira sichikuudziwa, ndalamazo zitha kusowa. Mawu achinsinsi 12 kapena 24 amene chikwama chinakupatsani tsiku lotsegula ndiwo kiyi ya zonse. Alembeni papepala, muwasunge pamene mumasunga zikalata za nyumba, ndipo musawapereke kwa aliyense, ngakhale wodzitcha wothandiza makasitomala. Aliyense wokuuzani kuti muyambe mwalipira kenakake kuti ndalama zanu zimasulidwe ndi wakuba. Musasiyenso ndalama zambiri pa msika wa pa intaneti nthawi yaitali, chifukwa msika waukulu wa FTX unagwa mu Novembala 2022 ndi ndalama za makasitomala, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa zaka 25 m'ndende.

Za kutchipa, werengerani bwino musanavomere. Mwana wanu adzalipira pogula USDT ndi ma randi, adzalipiranso potumiza, wogula wa kuno adzadyapo pa mtengo, ndipo ejenti adzadula yake mukamatapa. Akaunti ya pa foni ilinso ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutapa pa tsiku, ndipo banki ili ndi udindo, pansi pa lamulo la 2017 lothana ndi milandu ya zachuma, wokufunsani kumene ndalama zachokera, choncho sungani umboni wa malonda alionse. Mupempheni atumize kandalama kochepa kudzera m'njira ziwiri tsiku limodzi, ina pa USDT ndipo ina pa kampani yovomerezeka monga Mukuru, kenako muyerekeze makwacha amene agwiridwa m'manja ndi nthawi imene mwataya. Ngati kusiyana kuli kochepa, ndalama za fizi, za mankhwala ndi za oda ya zitenje azitumizabe pa njira yovomerezeka, kumene mumalandira lisiti ndipo muli ndi ofesi yokadandaulako zikasokonekera.