Namondwe wa Ana kapena namondwe wa ana? Mafunso anu pa mawu a zanyengo

Mafunso a ulendo uno agwera mbali imodzi: mawu amene timamva pa wailesi ndi kuwerenga pa foni akamakamba za mvula, mphepo ndi zimene asayansi apeza. Ena ndawafupikitsa, eni ake andikhululukire.

Aphunzitsi a pa sukulu ina ya pulayimale ku Ndirande alemba kuti: "M'buku la Chingerezi muli weather ndi climate. Ndikamawafotokozera ana m'Chichewa, zonse zikutuluka nyengo, ndiye anawo amangondiyang'ana. Kodi Chichewa chilibe mawu awiri?"

Aphunzitsi, vuto si inu. Liwu loti nyengo limasenza katundu wambiri. Timati nyengo ya dzinja, nyengo ya zisankho, nyengo ya maliro, ndipo munthu akasowa ndalama ya lendi amati akudutsa m'nyengo yovuta. Tikalisenzetsanso mitolo iwiri ya asayansi, n'zosadabwitsa kuti ana akusokonezeka.

Koma tamverani momwe anthu amayankhulira pa siteji ya minibasi m'mawa. Palibe amafunsa kuti nyengo ili bwanji lero. Amati kunja kwacha bwanji, kwacha ndi mitambo, kukuzizira, kwatentha ngati ku Nsanje. Chimene Angerezi amachitcha weather ndi chimenecho, momwe kunja kwachera tsiku limenelo. Chinacho, climate, ndi chikhalidwe cha nyengo ya dera, zimene dera lazolowera zaka ndi zaka. Asayansi amatenga zaka 30 n'kuona kuti m'zaka zonsezo mvula ndi kutentha zakhala zikuyenda motani. Anawo auzeni za ulendo wa ku Chikwawa. Mumachoka mu Blantyre, mzinda umene uli pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuposa nyanja yamchere, mutavala juzi. Mukatsika mapiri aja n'kufika pa mlatho wa Shire, juzi ija mwaivula kalekale. Tsiku lina ku Nchalo kutha kucha kozizira, koma palibe angakane kuti Nchalo ndi kotentha ndipo Bvumbwe ndi kozizira. Mwana wa sitandade 5 amva zimenezo msanga kuposa tanthauzo loloweza pamtima.

Nanga kusintha kwa nyengo? Kunena zoona mawuwa sandikhutiritsa, chifukwa dzinja likamatha masika n'kuyamba, nyengo yasinthanso. Agogo athu amati nyengo yasokonekera, ndipo ine ndimaona kuti iwo ndi amene amalasa pakati. Komabe kusintha kwa nyengo kunakhazikika, ngakhale nthambi ya boma yoona zanyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, imagwiritsa ntchito mawu omwewo. Sitingakokane nawo. Chofunika n'kumawonjezera tanthauzo, kuti tikunena za kutentha kwa dziko lonse kumene kwadza chifukwa cha mpweya wochokera ku malasha, mafuta a galimoto ndi kuwotcha nkhalango. Bungwe la World Meteorological Organization linanena kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwa, ndi pafupifupi digiri imodzi ndi theka kuposa momwe dziko linkatenthera mafakitale asanachuluke.

Mayi wina wa ku Chilobwe afunsa kuti: "Ife timati kunabwera napolo. A pa wailesi amati namondwe. Mwana wanga wa ku sekondale amandiseka kuti napolo ndi zachikale. Cholondola n'chiti?"

Mayi, mwana wanuyo asakusekeni. Inu ndi a pa wailesi mukunena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nonse mukulondola.

Namondwe ndi liwu lakale, la mvula yodza ndi chimphepo. Asodzi a ku nyanja amalidziwa, ndipo kutchalitchi timalimva pa nkhani ya ngalawa ya pa nyanja ya Galileya. Masiku ano tinalipatsa ntchito yatsopano, yotchula chimphepo chozungulira chimene chimabadwira pa nyanja yamchere madzi akafunda kufika madigiri 26 kapena kuposa. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar ndi Mozambique, anabwerera pa nyanja kukatenga mphamvu zina, kenako analowanso cha ku Quelimane n'kutipeza ife. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chomwecho. Ameneyo ndiye namondwe.

Napolo ndi zimene zinatsika m'phiri la Soche pa 12 ndi 13 Malichi 2023, Freddy atafika: matope, miyala ikuluikulu ngati nyumba, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, zonse zikuyenda pamodzi ndi mkokomo umene amene anaumva sauiwala. Makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikusamuka kupita ku nyanja. Munthu atha kukana za chinjokacho, koma liwulo likadali ndi ntchito, chifukwa palibe lina limene limanena chinthu chimenechi mwachidule chotero. Anthu a ku Zomba analitchula mu 1946, a ku Phalombe analitchula mu 1991 phiri la Michesi litagumuka. Olemba nkhani ena amalithawa n'kumalemba kuti madzi osefukira, koma kusefukira ndi kwa mtsinje umene wadzaza n'kutayikira m'mbali, monga umachitira Shire ku Nsanje kapena Mudi mvula ikakula. Wa m'mbali mwa mtsinje amathawira kumtunda. Wa m'tsinde mwa phiri akathawira kumtunda ndiye kuti akukakumana nacho. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti chenjezo lizitchula chinthu ndi dzina lake. Ukaima pa msika wa Chilobwe n'kukweza maso, zipsera zija zikuonekabe m'phirimo, mizere yofiirira yotsetsereka pakati pa zobiriwira, ndipo miyala ina ili pomwe inaima, pakati pa nyumba za anthu. Wopita pamenepo sanganene kuti panasefukira madzi.

Pali mawu ena awiri oyandikana ndi amenewa, koma ndi osavuta. Mkuntho ndi mphepo yamphamvu yosasula madenga, kaya kuli mvula kaya kulibe. Kamvuluvulu ndi kaja kamazungulira ndi fumbi pa bwalo la mpira mu Okutobala, kamene ana amakaloza ndi chala. Ndinaonapo wina atalemba kamvuluvulu pofuna kunena Freddy, poganiza kuti popeza zonse zimazungulira ndiye n'chimodzi. Kamene kamaulutsa mapepala a jumbo sikangafanane ndi chinthu chimene chinapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno.

Mnyamata wina amene akuphunzira utolankhani wafunsa funso limene landisangalatsa: "Tizilemba namondwe wa Freddy kapena namondwe Freddy?"

Achimwene, pa Freddy zonse zimamveka, ndipo anthu ambiri amaikapo wa. Koma kumbukirani wa mu Januwale 2022, amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mu mdima miyezi yambiri. Dzina lake linali Ana. Pa pepala chilembo chachikulu chimakupulumutsani, koma pa wailesi chilembo chachikulu sichimveka. Womvera amamva namondwe wa ana, ngati akulu sizikuwakhudza. Pasanathe miyezi iwiri kunabwera Gombe, ndipo namondwe wa gombe m'Chichewa ndi namondwe wa m'mphepete mwa nyanja, woti wa ku Machinjiri asade naye nkhawa. Kachilembo ka wa kamasonyeza mwini kapena kochokera, pomwe apa tikungotchula dzina. Ndiye potchula koyamba nenani kuti namondwe wotchedwa Ana, kenako muzingoti namondweyu. Akachuluka ndi anamondwe, monga timanenera anamwino kapena anankafumbwe, ndipo a- ameneyo ndi wochulukitsa, si waulemu.

Bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza ku Limbe akuti: "Ndinamva pa wailesi ina akuti pali mwayi waukulu woti madzi asefukira m'maboma a kumwera. Zinandiwawa m'makutu koma sindikudziwa chifukwa chake."

Bambo, makutu anu ali bwino. Mwayi m'Chichewa ndi chinthu chokoma. Wopeza ntchito wachita mwayi, wopulumuka pa ngozi wachita mwayi. Womasulira uja anatenga liwu la Chingerezi limene limagwira kuwiri, pa zabwino ndi pa zoipa, n'kulivalika malaya a Chichewa osaona kuti sakulikwana. Madzi osefukira si mwayi wa munthu. Pamenepo timati pali chiopsezo choti madzi asefukira, kapena mwachidule, madzi atha kusefukira. Mwayi usiyireni mlimi wa ku Lunzu amene chimanga chake chafota, mukamamuuza kuti pali mwayi woti mvula igwa Lachinayi.

Poti mwatchula za wailesi, ndiwonjezereko kanthu kamene simunafunse. Akati kwagwa mvula ya mamilimita 50, ambiri timangogwedeza mutu osadziwa ngati ndi yambiri. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Ndiye mamilimita 20 ndi ndowa yodzaza ya malita 20 yokhuthulidwa pa kamalo kongokwana mphasa yopinda. Mamilimita 100 ndi ndowa zisanu, pa kamalo kalikonse kotero, kuyambira pa denga lanu mpaka pamwamba pa phiri la Ndirande. Wowerenga nkhani atanena ndowa, ngakhale kamodzi, agogo a ku Bangwe angadziwe ngati agone kapena adikire.

Funso lotsatira lachokera kwa wophunzira wa ku yunivesite, ndipo ndi lokhudza mneni: "Kodi n'kulondola kulemba kuti kusintha kwa nyengo kunayambitsa namondwe?"

Ayi, ndipo apa Chichewa chili ndi zida zokwanira, ife ndi amene timachita ulesi. Kuyambitsa ndi kuchititsa kuti chinthu chimene kunalibe chikhalepo. Anamondwe analipo agogo a agogo athu asanabadwe. Chimene asayansi akunena n'chakuti mpweya ukatentha umasunga chinyezi chambiri, pafupifupi 7 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye namondwe akabwera amakhuthula madzi ochuluka kuposa kale. Gulu la World Weather Attribution litafufuza za anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana, linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula yake. Mneni woyenera ndi kukulitsa kapena kuwonjezera. Ndiponso samalani ndi watsimikiza. Kafukufuku mmodzi amasonyeza, amaonetsa, nthawi zina amangoloza. Kutsimikiza kumadza ofufuza ambiri akapeza zofanana. Tili ndi zikuoneka kuti, n'kutheka kuti, akuganizira kuti, ndipo aliyense mwa mawu amenewa ali ndi kulemera kwake. Mukasintha n'kutheka kukhala watsimikiza kuti mutu wa nkhani ukome, mawa zikapanda kuchitika anthu amati asayansi ndi abodza, pomwe wonama ndi amene anamasulira.

Wina wafunsa ngati chilala ndi ng'amba ndi chimodzi. Ng'amba ndi pamene mvula yadula pakati pa dzinja, sabata ziwiri kapena zitatu dzuwa lili phwee, chimanga n'kupota masamba, koma ikabweranso china chimatsitsimuka. Chilala ndi chaka chonse cholephera, chimene chimatsogolera njala. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha El Niño, ndipo ng'amba ya mu Febuluwale chaka chimenecho ndi imene inakula n'kusanduka chilala m'madera ambiri. Dzina loti El Niño lisiyeni momwe liliri. Ndi la Chisipanishi, litanthauza kamnyamata, ndipo analipereka ndi asodzi a ku Peru amene ankaona madzi a nyanja ya Pacific akufunda cha m'nyengo ya Khirisimasi. Potchula nenani Ninyo. Ndamvapo ena akuti mphepo ya El Niño, ngati ndi mphepo imene imawomba kuno monga mwera. Ndi kufunda kwa madzi a nyanja yakutali kumene kumasokoneza kayendedwe ka mvula, ndipo kuno kumwera kawirikawiri kumaichepetsa.

Lomaliza ndi la kalembedwe: chiperoni kapena chipeloni? Lamulo limene tinaphunzira ku sukulu limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, pomwe l amakhala pena ponse. Ndiye timalemba mvula ndi chilala koma mwera ndi chiperoni. Chilala musadabwe nacho, l wake woyamba ndi wa tsinde la liwu, chi- ndi mphatikiram'mbuyo chabe. Liwu la chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kuseri kwa Mulanje, kumene kumadzera kamphepo konyowa kochokera ku nyanja yamchere pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Phirilo lilembeni ndi chilembo chachikulu ndi e kumapeto. Kamvula kowaza kaja, kamene kamaphimba Limbe ndi nkhungu mu Julayi mpaka madalaivala kuyatsa nyali masana, zovala n'kukhala pa chingwe masiku atatu osauma, kalembeni ndi chilembo chaching'ono.