Nora anasiya mwamuna ndi ana atatu: kodi nkhanza za Torvald zinali pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene amaphunzitsa kusekondale, ndiponso ndiye amayang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu pawo. Akuti anawerenga ndi ophunzira ake sewero la Henrik Ibsen wa ku Norway lotchedwa A Doll's House, ndipo atafika pomwe Nora akutuluka m'nyumba kusiya mwamuna ndi ana atatu, ophunzirawo sanagwirizane. Anyamata anati mkaziyo ndi wamwano, atsikana ambiri anati ndi wouma mtima. Funso la mchemwaliyu ndi ili: "Mwamunayo sankamumenya, sanali chidakwa, analibe chibwenzi, ndalama ankamupatsa. Nanga nkhanza zake zili pati? Komanso sewero la azungu la kalekale chonchi liwathandiza chiyani ana a kuno?"

Achemwali, zikomo kwambiri polemba. Zonse zimene mwanena za Torvald Helmer ndi zoona, ndipo mphamvu ya seweroli yagona pomwepo. Ibsen akanatipatsa mwamuna wa zibakera, amuna onse oonera akanapita kwawo mtima uli m'malo, aliyense akuti ine sindili choncho. Iye anatipatsa bambo waulemu wake, amene wangokwezedwa kumene kukhala bwana wa banki, amene ankhoswe athu akanamuyamikira kuti mwana wathu anapeza banja.

Tsono muyang'ane tinthu ting'onoting'ono. Seweroli likungoyamba, Nora akudya timabisiketi mobisa, kenako akupukuta pakamwa n'kubisa kapepala m'thumba, chifukwa mwamuna wake anamuletsa kuti angawononge mano. Ameneyu ndi mayi wa ana atatu, wakhala pabanja zaka 8. Torvald amamuitana kuti kambalame kanga, kagologolo kanga, ndipo akamamupatsa ndalama amayamba wamunena kuti ndi wosakaza. Pakhomo pali bokosi la makalata, kiyi wake amasunga Torvald yekha. Kalata imene iphwasule banjali itaponyedwamo, Nora akuiona ndi maso ake koma sangaitenge, mpaka akuyesa kutsegula loko ndi kawaya ka m'tsitsi. M'nyumba imene amati ndi yake, alibe ngakhale kiyi wa makalata.

Nanga mlandu wake unali wotani? Torvald anadwala mwakayakaya, madokotala anati achira pokhapokha apite kudziko lofunda. Ndalama panalibe, iye ngongole ankadana nayo, ndipo lamulo la nthawiyo silinkalola mkazi wapabanja kukongola popanda chilolezo cha mwamuna wake. Nora anakongola makrona 4,800 kwa munthu wina wotchedwa Krogstad mwamseri, nasaina dzina la bambo ake ngati womuimira pa ngongoleyo. Bambowo anamwalira pa 29 September, iye analemba deti la 2 October, ndipo umboni womugwirira unali womwewo. Anapita ku Italy, mwamuna anachira. Kwa zaka zambiri Nora ankabweza ngongoleyo podzimana zovala ndi kugwira ganyu yokopera zikalata usiku atadzitsekera m'chipinda. Akuuza mnzake kuti ntchitoyo inali yotopetsa, komabe ankasangalala nayo chifukwa ankamva ngati ndi mwamuna. Mawu amenewo amandikhudza kuposa ena onse m'seweroli: kungogwira ndalama ya thukuta lake kunali kulawa moyo umene unasungidwira amuna okha.

Chinsinsi chitaululika, Nora ankayembekeza kuti mwamuna wake aima naye. Torvald anamutcha wabodza ndi chigawenga, nati sangamukhulupirirenso kulera ana, koma azikhalabe m'nyumbamo kuti anthu asadziwe kanthu. Pasanapite nthawi kalata ina inafika yoti Krogstad wabweza chikalata cha ngongole chija. Mawu oyamba kutuluka pakamwa pa Torvald anali oti "Ndapulumuka!" Nora anachita kufunsa kuti nanga ine? Apa m'pamene anaona kuti munthu amene anamupulumutsa ku imfa ankasamala mbiri yake yokha. Torvald atanena kuti palibe mwamuna angataye ulemu wake chifukwa cha amene amamukonda, Nora anayankha kuti akazi miyandamiyanda achita zimenezo.

Choncho yankho langa pa funso lanu loyamba ndi loti kupondereza kwa m'seweroli kuli m'lamulo, m'ndalama, ndi m'chikondi chimene chimafuna kuti mkazi akhalebe mwana. Ibsen mwini wake, pokonzekera seweroli ku Rome mu 1878, analemba kuti mkazi sangakhale chimene iye ali m'dziko limene malamulo ake analemba ndi amuna, ndipo oimba mlandu ndi oweruza amayeza khalidwe la mkazi ndi maso a mwamuna. Sanazipeke m'mutu zimenezi. Mnzake wina wolemba mabuku, Laura Kieler, anakongoladi mwamseri kuti mwamuna wake wodwala chifuwa chachikulu akachire kumwera, kenako analemba chikalata chachinyengo pofuna kubweza. Mwamunayo atadziwa anafuna kuthetsa banja, ndipo mayiyo anakatsekeredwa kuchipatala cha amisala. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku Copenhagen pa 21 December 1879. Ku Norway akazi apabanja anayamba kuonedwa ngati anthu oima paokha pamaso pa lamulo mu 1888, ndipo ufulu wovota kwa akazi onse unabwera mu 1913.

Za ana zija, ophunzira anu sali okha. Ku Germany katswiri wa zisudzo Hedwig Niemann-Raabe anakana kusewera mathero amenewo, nati iye sangasiye ana ake. Ibsen, poopa kuti ena angamusinthire moipa, analemba yekha mathero ena mu 1880 momwe Nora akuona ana ali mtulo n'kulephera kuchoka, koma iye mwini anawatcha chipongwe pa sewero lake. Ine sindiuza atsikana anuwo kuti asamve chisoni ndi anawo. Kusiya mwana n'kowawa, ndipo sewerolo silibisa zimenezo. Ndingowapempha kuti aone mayi wina amene ali m'nyumba yomweyo, Anne-Marie, mlezi wa ana. Iyeyu ali mtsikana anapatsidwa mimba ndi mwamuna amene sanamuthandize kalikonse, ndipo anapereka mwana wake kwa anthu ena kuti apeze ntchito yolera Nora. M'kalata mwanu simunatchule wophunzira ndi mmodzi yemwe amene anamukwiyira, kapena kukwiyira mwamuna uja anathawa. Mkazi wosauka akasiya mwana kuti akatumikire ena timati ndi mmene moyo ulili, koma akamusiya pofuna kudzipeza yekha timati walakwira chilengedwe. Tonse tikudziwa amayi amene asiya ana kwa agogo kumudzi n'kumalera ana a eni ku Area 47 kapena ku Johannesburg.

Masewero akale ambiri ali ndi zoterezi. Mu Antigone ya Sophocles, mfumu Creon akunena poyera kuti iye ali moyo mkazi sadzamulamula. Mu Romeo and Juliet, bambo Capulet akuopseza mwana wawo wosakwana zaka 14 kuti akakana mwamuna amene amusankhira, akapemphetse ndi kufera mumsewu. Ku Athens ndi ku London ya Shakespeare, mbali za akazi ankasewera ndi amuna, monga mmene Maliya wa kubwalo la gule amavinidwira. Kusiyana kwa Ibsen n'koti anachotsa nkhaniyi kunyumba za mafumu n'kuiika pabalaza pa banja wamba.

Tibwere kwathu. Pa malamulo tili patsogolo kwambiri kuposa Norway ya Nora. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa mkazi ufulu wochita mgwirizano ndi kukhala ndi katundu, kaya ali pabanja kaya ayi. Tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limene limati kulanda katundu wa namfedwa ndi mlandu, lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umene unkalola ana osakwana zaka 18 kulowa m'banja makolo akavomera. Komabe pa chisankho cha 2019, mwa aphungu 193 amayi sanakwane 50. Ndipo lamulo limathera pakhomo. M'kati mwa nyumba mumalamula zimene mtsikana anauzidwa ndi alangizi: banja ndi kupirira, mwamuna ndi mutu, za m'nyumba saulula. Alipo amayi amene amalowa banki m'khonde mobisa, n'kumasungitsa buku lawo kwa mnzawo, chifukwa bambo akadziwa tsiku logawana ndalamazo zitha. Alipo ena amene malipiro awo amalowa mu akaunti koma khadi ili m'chikwama cha mwamuna. Ambiri mwa amunawa sanakwezepo dzanja.

Wina anena kuti ife a chikamwini nkhaniyi siyikutikhudza, poti munda ndi wa mkazi ndipo mkamwini akavuta amalongedza n'kubwerera kwawo. Pamenepo pali choonadi, ndipo ndi chuma chimene tiyenera kuchiteteza, chifukwa mkazi wokhala pamudzi pa amayi ake ali ndi poima pamene Nora analibe. Koma funsani kuti fodya akagulitsidwa ndalama amagwira ndani, nanga pokamba za ukwati wa mtsikana kapena malire a munda amayankhula ndani. Kawirikawiri ndi mwamuna, kapena malume, mwini mbumba.

Funso limene ine ndimaliona lolemera kuposa loti Nora analakwa kapena ayi linafunsidwa ku China. Mu December 1923, wolemba mabuku Lu Xun anayankhula kwa atsikana a pakoleji ya aphunzitsi ku Beijing pa mutu woti chinachitika n'chiyani Nora atachoka. Iye anati mkazi wotuluka chimanjamanja ali ndi njira ziwiri zokha, kugwa m'moyo wachabechabe kapena kubwerera, choncho chimene akusowa kwenikweni ndi ndalama zakezake. Kristine, mnzake wa Nora, ndi umboni: anakwatiwa ndi mwamuna amene sankamukonda kuti asamale mayi ake odwala ndi alongo ake awiri aang'ono. Kuno kwathu Mayi Joyce Banda akhala akufotokoza okha kuti anachoka m'banja lawo loyamba, la nkhanza, ali ndi ana atatu, n'kuyamba bizinesi. Bungwe limene anadzayambitsa pambuyo pake, la National Association of Business Women, linali lothandiza amayi kupeza mpamba. Anadziwa pamene pamagona vuto.

Ndiye musalisiye seweroli, achemwali. Auzeni ophunzirawo alembe okha zimene zichitike kutacha: Nora wagona kwa Kristine, alibe ntchito, makiyi ndi mphete wasiya. Apite kuti, adye chiyani, ndipo akanakhala wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba, ankhoswe akanamuuza chiyani? Mukamadzasewera, mbali ya Torvald musapatse mnyamata wa nkhope yoopsa. Mupatse amene amakondedwa ndi sukulu yonse, ndipo mumuuze asakalipe mpaka kalata ija itatsegulidwa. Aseke, amugwire mkazi wake dzanja mwachikondi, amuwerengere ndalama imodziimodzi akumwetulira. Mukatha, mufunse anyamata aja kuti ndi pati pamene anayamba kusamasuka, ndipo mudzandilembere zimene adzayankhe.